Kasankhidwe ka mbewu ya msipu wa ng'ombe ndi mbuzi: musanagule paketi, ganizirani kaye za Okutobala

Mu Febuluwale ng'ombe ya aliyense imaoneka bwino, udzu uli paliponse, m'mbali mwa msewu, kudambo, m'malire mwa minda, ungotenga chikwakwa kanthawi kochepa wilibala yadzadza. Vuto limayamba Seputembala, Okutobala mpaka mvula yoyamba ija, nthawi imene tchire lapsa, mapesi atha, ng'ombe imene imakupatsa malita 12 yatsika kufika pa 4 ndipo nthiti zake ukuchita kuziwerenga uli panja pa khola. Ndiye ine mlimi mnzanga akandifunsa kuti ndigule mbewu yanji ya msipu, ndimayamba ndamufunsa kaye kuti achimwene, mu Okutobala ng'ombe yanuyo idzadya chani? Chifukwa msipu timaudzalira miyezi imeneyo, dzinja ndiye limadzisamalira lokha.

Anthu ambiri amadabwa kuti bwanji ng'ombe ikudya udzu wouma tsiku lonse, mimba ili tuu, koma ikumka nionda. Nkhani yake ili m'chifu. M'chifu cha ng'ombe muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timagaya udzu, ndipo kuti tigwire ntchito timafuna mapulotini osachepera 7 pa 100 alionse m'chakudya. Udzu wathu wam'tchirewu, wonga uja timafolera nyumba, ukakhwima n'kuuma mapulotini ake amatsika mpaka 3 kapena 4, ndiye ng'ombe imangodzaza mimba ndi timitengo basi. Pomwe masamba a zomera za mtundu wa nyemba amakhala ndi mapulotini 15 mpaka 20 ngakhale kuposerapo. N'chifukwa chake tikamati kusakaniza mbewu ya msipu, sitikunena kuthira mitundu isanu ya udzu m'chidebe chimodzi ayi, tikunena udzu umodzi kapena iwiri yoyenera malo anu, kuphatikizapo chomera cha mtundu wa nyemba chimene chingapirire kukhala nawo limodzi. Udzu ndi nsima, nyembazo ndi ndiwo. Komanso nyembazo zili ndi timibulu m'mizu timene timakoka chonde cha nayitrojeni kuchokera mu mpweya, ndiye udzu woyandikana nazo umadya nawo, feteleza wa yureya mumagula wochepa.

Ndichenjezeretu pa chinthu chimodzi. Masiku ano timaonera kwambiri mavidiyo pa YouTube ndi pa Facebook, ng'ombe za ku New Zealand kapena ku Ireland zili m'msipu wobiriwira wa ryegrass ndi clover, munthu mtima n'kudyokoka kuti nanenso ndiitanitse mbewu imeneyi. Msipu umenewo ndi wa kumaiko ozizira kumene mvula imawaza pafupifupi chaka chonse. Mukaudzala ku Salima kapena ku Balaka udzamera ndithu, koma dzuwa la Okutobala likangouomba basi kwatha, ndalama zapita. Ife wathu ndi udzu wa kuno kotentha, ndipo chosangalatsa n'chakuti wambiri mwa udzu wabwino umene maiko ngati Brazil ndi Australia amadyetsera ng'ombe zawo unachokera ku Africa konkuno.

Yambani ndi malo anu

Musanapite ku shopu, dikirani tsiku limene kwagwa mvula yamphamvu, m'mawa mwake mukayende pamalo pamene mukufuna kudzala. Onani pamene madzi aima, pamene athamanga n'kukokolola, ndi pamene auma msanga. Tengani dothi mufinye m'manja. Ngati likumwazika ndi mchenga, ngati ndi lofiira likugwirana pang'ono ndi katondo, ngati likumata zala ndipo chilimwe limang'aluka ndiye makande. Malo amodzi a ekala imodzi atha kukhala ndi mitundu iwiri ya nthaka, kumtunda kwina kumunsi kwina, ndipo palibe cholakwika kudzala mbewu ziwiri zosiyana pamalo amodzi omwewo.

Kwa ife a m'zigwa za chigawo chapakati, Lilongwe, Mchinji, Kasungu, Dowa mpaka kukafika ku Mzimba, udzu wa Rhodes ndiye poyambira. Umamera ndi njere, umayala tsinde pansi n'kumera mizu mfundo iliyonse ndiye mipata imatsekeka yokha, ng'ombe zikauponda supsa mtima, ndipo chimene ndimaukondera kwambiri, tsinde lake ndi laling'ono ndiye umauma msanga mukamafutsa. Ulipo wa mitundu ingapo. Katambora, amene dzina lake linachokera ku malo ena m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi ku Zambia, ndi wa masamba ang'onoang'ono, amapirira nthaka ya mchenga, ndipo alimi a fodya m'maesiteti akhala akumudzala kuyambira kale posinthanitsa ndi fodya chifukwa amachepetsa tinyongolotsi tija timatupitsa mizu. Ndiye ngati munda wanu unatopa ndi fodya kapena tomato, Katambora akugwirirani ntchito ziwiri. Palinso Boma ndi Elmba ochokera ku Kenya, ndi Callide, awa masamba ake ndi aakulu, ng'ombe za mkaka zimawadya bwino koma amafuna nthaka ya chonde ndi mvula yokwanira. Rhodes sakonda kukhala m'madzi nthawi yaitali komanso sakonda mthunzi, ndipo pakapita zaka zitatu kapena zisanu osamuthira manyowa amayamba kutha mphamvu, izi muzidziwiretu.

Kumene mvula imagwa yambiri ngati Thyolo, Mulanje, mbali zina za Zomba, Nkhata Bay ndi Mzuzu, nsenjere ndiye mwini mudzi, palibe udzu umene ungaipose pa kuchuluka kwa chakudya pa kamalo kochepa, ndipo alimi a mkaka a ku Bvumbwe, Thyolo ndi Chiradzulu amene malo awo ndi ochepa akudziwa bwino zimenezi. Koma nsenjere si ya njere, timadzala mapesi ake, ndipo si yodyetsera ng'ombe pompo, ndi yodula n'kukapereka m'khola. Kumeneko kulinso bwino kwa udzu wa Guinea, wina amautcha Panicum, umene umapirira mthunzi ndiye mutha kuudzala m'mphepete mwa mitengo kapena nthochi, ndipo pali mtundu wake wina wautali umene umadziwika ndi dzina lakuti Ntchisi, dzina la boma lathu lomweli. Brachiaria nayenso wafala zaka zino, mitundu ngati Mulato II amene anakonzedwa ndi bungwe la CIAT ku Colombia, Basilisk, Piata ndi ina. Ubwino wake amapirira nthaka yofiira yosasa imene Rhodes amavutikamo, ndipo amakhala wobiriwira nthawi yaitaliko mvula ikasiya. Mbewu yake ndi yodula, koma mukadzala kabedi kamodzi chaka chamawa mumangogawa zitsinde n'kumawokera.

Ku chigwa cha Shire, Chikwawa ndi Nsanje, ndi madera ena ouma a m'mbali mwa nyanja, funani buffel. Mizu yake imapita pansi kwambiri, chilala chikabwera amangogona, kamvula kakangowaza iye waphukira kale anzake asanadzuke. Chimene sapirira ndi lowe, madzi akaima masiku angapo amafa, ndiye osamudzala kumene kumasefukira madzi. Malo opondedwapondedwa, pafupi ndi khola, njira ya ku madzi, malo otsetsereka amene akukokoloka, ikani star grass, m'bale wake wamkulu wa kapinga, mumangodula zingwe zake n'kukwirira. Koma ameneyu mumuike kutali ndi munda wa chimanga chifukwa akalowa m'mizere mudzalimbana naye zaka.

Kenako dzifunseni kuti ziweto zanu zizidya bwanji. Ngati zizilowa zokha m'busa, mukufuna udzu woyala pansi wopirira ziboda, Rhodes, star grass, Brachiaria wa Basilisk, buffel. Ngati zili m'khola ndipo muzidula nokha, mukufuna wautali wochuluka, nsenjere, Guinea, Mulato II. Ambiri a ife timafuna zonse ziwiri, ndipo ine malangizo anga kwa munthu wa ng'ombe imodzi kapena ziwiri za mkaka ndi akuti agawe malo, gawo lina nsenjere yodula dzinja ndi nthawi ya chisanu, gawo lina Rhodes woti adzafutse. Amene amadalira nsenjere yokha amalira mu Okutobala chifukwa ikapanda madzi imaima osakula, ndipo siifutsika bwino, tsinde lake ndi lonenepa limaola lisanaume.

Werengani motere. Ng'ombe ya makilo 400 imadya chakudya chouma pafupifupi makilo 10 mpaka 12 patsiku, chikakhala chachiwisi ndiye makilo 40 mpaka 50 kapena kuposa. Kuyambira Juni mpaka Novembala ndi masiku pafupifupi 180, ndiye 180 kuchulukitsa ndi 10 ndi makilo 1,800 a chakudya chouma pa ng'ombe imodzi. Chotsanipo mapesi ndi zotsalira za mtedza ndi soya zimene mungasunge, chotsalacho ndiye chimene msipu wanu uyenera kukupatsani. Mukachita samu imeneyi mudzaona kuti timizere tiwiri ta nsenjere kuseri kwa khola sitikwana, ng'ombe imodzi ndi thole lake zimafuna malo oyandikira ekala.

Tsopano ndiwo zija

Apa ndi pamene anthu ambiri amadumpha chifukwa mbewu yake imavuta kupeza, koma ndi pamene pali mkaka. Kumalo a mvula yabwino ndi kozizirira, Dedza, Ntchisi, Thyolo, Mzuzu, desmodium ndiye mnzake wa nsenjere ndi Guinea. Alipo wa mitundu iwiri, silverleaf amene tsamba lake lili ndi kamzere koyera pakati, ndi greenleaf. Amayanga pansi pakati pa mizere, amapirira mthunzi wa nsenjere, amatseka udzu wachabe. Mukadutsa m'munda wa silverleaf nthawi imene wabereka, timakoko take timamatirira pa thalauza kapena chitenje mpaka mumakhala pansi n'kumatichotsa kamodzikamodzi, musatitaye, imeneyo ndi mbewu. Amamera mochedwa, miyezi iwiri yoyamba amaoneka ngati palibe chimene chikuchitika ndipo apa ndi pamene waganyu wosadziwa amamupalira poyesa ndi udzu wachabe, ndiye muonetseni kaye tsamba lake asanagwire khasu.

Desmodium ali ndi ntchito inanso. Bungwe la icipe ku Kenya linapeza kuti mukamudzala pakati pa mizere ya chimanga, n'kuzunguliza mundawo ndi nsenjere kapena Brachiaria, fungo lake limathamangitsa agulugufe oikira mazira a kapuchi, amakaikira mu nsenjere muja, ndipo mizu yake imalepheretsa kaufiti kugwira chimanga. Kwa munthu amene alibe malo apadera a msipu iyi ndi njira yabwino zedi, munda womwewo ukupatsa chimanga ndi chakudya cha ng'ombe.

Kwa Rhodes m'zigwa zathuzi, ine ndimakonda siratro kapena stylo. Siratro amayanga n'kukwera pa udzu, maluwa ake ndi ofiira moderako, mizu yake imapita pansi ndiye amapirira ng'amba, koma sakonda kudyedwa mpaka pansi, ziweto zikamumeta kangapo amatha, komanso kumalo a chinyezi chambiri masamba ake amagwidwa matenda. Stylo ndi wa nthaka yosauka, mchenga, katondo wotopa kumene china chilichonse chimakana, ndipo amasunga masamba obiriwira mpaka mkati mwa chilimwe. Dzinja ng'ombe sizimukonda kwenikweni, zimasankha udzu, ndiye amakula mwamtendere n'kudzadyedwa nthawi imene akufunika. Kumalo ouma kwambiri stylo wa Verano kapena Seca ndi amene amayenda ndi buffel. Palinso nyemba ina yotchedwa centro, iyi ndi ya kotentha ndi konyowa, ngati m'mbali mwa nyanja kumpoto.

Mbewu zimenezi zikasowa musakhale manja lende. Nkhungudzu, kalongonda, khobwe ndi nandolo tili nazo m'midzi momwemu. Izi sitizisakaniza ndi njere za Rhodes chifukwa zimakula msanga n'kuphimba udzu usanagwire, zidzaleni pazokha kapena m'chimanga, mudule zikayamba maluwa, muumitse pamthunzi masamba asayoyoke, n'kumasakaniza ndi udzu podyetsa. Ndipo m'malire mwa busa dzalani mitengo ya chakudya, lukina, gilisidiya, jerejere, kumalo a mvula yambiri calliandra. Kafukufuku wa bungwe la ICRAF ku Embu ku Kenya anasonyeza kuti makilo 3 a masamba aawisi a calliandra amagwira ntchito pafupifupi yofanana ndi kilo imodzi ya chakudya cha ng'ombe za mkaka chogula m'thumba, ndipo mitengo pafupifupi 500 imakwanira ng'ombe imodzi chaka chonse. Ikumveka yambiri koma mukaidzala mothithikana ngati mpanda, theka la mita kutalikirana, ndi mzere wa mamita 250 basi. Lukina yekha musapitirize gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, ali ndi poizoni wina wotchedwa mimosine, ukachuluka chiweto chimayamba kutuluka dovu, ubweya kusosoka makamaka kumchira, n'kumaonda.

Pogula mbewu

Apa ndilankhule zimene zinandichitikira. Chaka choyamba ndinagula thumba la Rhodes kwa munthu wina pamsika, lopanda pepala lililonse, mtengo wake wotsika, thumba lalikulu lopepuka ngati muli thonje. Ndinalima malo bwinobwino, ndinawaza, ndinadikira masabata atatu, chimene chinamera ndi chisoso, bonongwe ndi khovani, Rhodes wake apa ndi apo ngati ndevu za mnyamata. Mvula inali itapita patali, chaka chimenecho ndinagula udzu wa m'mabelo pa mtengo wowawa ndipo ng'ombe yanga inachedwa kutenga bere. Nditatenga zotsala m'thumba n'kufikisa m'manja ndinapeza kuti ambiri anali mankhusu opanda kanthu mkati, udzu unadulidwa njere zisanakhwime.

Ndiye chitani izi. Tengani pang'ono mufikise pakati pa zikhatho mwamphamvu n'kuuzira mpweya pang'onopang'ono, pansi pazitsala tinjere tofiirira tolimba tating'ono kuposa mawere. Ngati sipakutsala kanthu siyani. Kenako yesani kameredwe milungu itatu mvula isanayambe, werengani njere 100, ikani pa kansalu konyowa m'mbale, phimbani ndi kansalu kena, ikani pamalo ofunda koma osati padzuwa, muziwaza madzi tsiku lililonse kasaume, pakatha masiku 14 werengani zimene zamera. Udzu si chimanga, musayembekezere 90, Rhodes akamera 30 kapena 40 ndi mbewu yabwino ndithu. Akamera pansi pa 10 mwina mubweze kapena muwaze yochuluka katatu. Ngati ndi ya m'paketi werengani tsiku limene inayesedwa, dzina la mtundu wake, ndipo funsani kuti yakhala ikusungidwa pati, mbewu imene yakhala pa shelefu yotentha pansi pa malata zaka ziwiri imakhala itafa. Koma buffel ndi Guinea ndi osiyana, mbewu yongokolola kumene imakhala ili m'tulo siimera bwino, imafuna kusungidwa miyezi 6 kapena kuposa, ndiye ya chaka chatha ndi imene mukufuna.

Kopeza mbewu yodalirika, yambani ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu ndi gulu lanu logulitsira mkaka, magulu a pansi pa mabungwe a alimi a mkaka a SHMPA kummwera, CREMPA pakati ndi MDFA kumpoto amadziwana kuti ndani ali ndi chiyani. Malo a kafukufuku ngati Chitedze, Bvumbwe, Mbawa ndi Lunyangwa, komanso ku Bunda, ndi oyenera kukafunsako. Za nsenjere, katengeni kwa mlimi amene munda wake mwauona ndi maso anu, musatenge pa phata limene lili lachikasu, lopinimbira, la timasamba tambiri tating'ono, kapena limene latulutsa ngayaye zakuda ngati mwaye, amenewo ndi matenda ndipo amayenda ndi mapesi odzalawo.

Muyezo wake, pa ekala imodzi Rhodes wabwino makilo 2 amakwana, mukasakaniza ndi siratro kapena stylo onjezani kilo imodzi kapena imodzi ndi theka ya nyembazo. Desmodium pakati pa nsenjere pafupifupi kilo imodzi pa ekala. Brachiaria wa njere makilo 3 mpaka 4 pa ekala. Musachulutse udzu poganiza kuti mukuchita bwino, ukathinana umapha nyembazo zisanaone dzuwa. Njere za stylo, siratro, centro ndi lukina zili ndi chikopa cholimba, zambiri sizimwa madzi, ndiye zikhuleni pang'ono ndi sandipepa, kapena wiritsani madzi, phulani, dikirani pang'ono asiye kubwata, viikani njere mphindi zitatu, tsanulani, yanikani pamthunzi n'kudzala tsiku lomwelo kapena mawa lake. Osaziphika pamoto. Desmodium ndi lukina zimafuna inokulanti wakewake, tizilombo tija timasakaniza ndi njere kuti mizu ichite timibulu, wa soya uja sagwira, akasowa katapeni dothi pamene zomerazo zikukula bwino kale n'kusakaniza ndi njere.

Kadzalidwe

Njere ya Rhodes ndi yaing'ono kwambiri, chakudya chimene ili nacho mkati sichingaikankhe kuchokera pansi patali. Cholakwika chachikulu ndi kuikwirira ngati chimanga. Limani malo, phwanyani zibuma zonse dothi likhale losalala, dikirani udzu wachabe woyamba umere muupalire, kenako mudzale nthaka itanyowa bwino, kumapeto kwa Disembala mpaka pakati pa Januwale, osati ndi mvula yoyamba ija imagwa n'kudula milungu iwiri. Sakanizani njere ndi mchenga wouma kapena utuchi kuti ziwazike mofanana, ndipo muwaze m'mawa kusanayambe mphepo. Ine ndimakonda mizere kusiyana ndi kungowaza, ndimalemba timizere ndi kamtengo motalikirana masentimita 30 mpaka 45, kuya kosapitirira sentimita imodzi, mizere iwiri udzu wachitatu nyemba, chifukwa mukatero mumadziwa popalira ndipo nyembazo zimapeza mpata wopumira. Mukatha kokani nthambi ya masamba pamwamba, kenako pondani ndi mapazi kuti njere igwirane ndi dothi. Kuponda kumeneku musakunyozere, pamene padutsa phazi ndi pamene pamamera bwino, mudzaona nokha.

Nsenjere dulani phesi lokhwima la mfundo zitatu, zikani mopendeketsa mfundo ziwiri pansi imodzi pamwamba, maso ayang'ane kumwamba, mita imodzi pakati pa mizere ndi theka la mita pakati pa mapando, desmodium n'kumuwaza m'kamzere pakati.

Pa feteleza, chimene nyemba zimafuna kwambiri ndi fosifolasi, ndiye podzala thirani manyowa owola bwino ndi feteleza wokulitsa uja wa NPK pang'ono. Manyowa osawola amabweretsa njere za udzu wachabe. Yureya kapena CAN wambiri m'busa losakaniza ndi kulakwitsa, udzu umathamanga n'kuphimba nyemba, pakatha zaka ziwiri mwatsala ndi udzu wokhawokha. Yureya musungireni gawo limene muli udzu wokha, ndipo ndowe ndi mkodzo wa m'khola zizibwerera ku nsenjere nthawi iliyonse mukadula, nsenjere imadya kwambiri, mukamangotenga osabwezera chaka chachitatu imakhala ngati bango louma.

Chaka choyamba pirirani. Musalowetse ziweto mpaka patatha miyezi itatu kapena inayi, ndipo yesani kaye, gwirani udzu mukoke ngati mmene ng'ombe imakokera ndi lilime, ukazuka ndi mizu ndiye sunakonzeke. Bwinonso chaka choyamba mungodula ndi chikwakwa m'mwamba, mbali ina muisiye ibereke njere zigwere pansi. Kuyambira chaka chachiwiri gawani busa m'zigawo zinayi kapena kuposa, ziweto zidye chigawo chimodzi sabata imodzi, zichoke udzu udakali wofika pa kakolo kapena kupitirirako, chipume milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Nsenjere idulani ikafika m'chiuno kapena pachifuwa, mita imodzi mpaka imodzi ndi theka, kusiya chitsa cha masentimita 10 mpaka 15. Ija yotalika kuposa munthu imaoneka yambiri koma ndi nkhuni, ng'ombe imadya masamba n'kusiya zonse m'chodyera. Rhodes wofutsa mudule akangoyamba kumasula, masiku a dzuwa a mu Malichi kapena Epulo, muyanike masiku awiri kapena atatu mukutembenuza, akauma koma adakali ndi mtundu wobiriwira ndi kafungo kabwino mupondereni m'bokosi la matabwa, mangani ndi chingwe, sungani pa thandala pansi pa denga kumene chiswe sichifika.

A mbuzi ndi nkhosa tamverani. Mbuzi imakonda masamba a mitengo ndi zoyanga kuposa udzu, ndiye kwa inu chulukitsani lukina, gilisidiya, nandolo ndi stylo, udzu ukhale wochepa, ndipo makoko a msangu akamagwa chilimwe tolani musunge. Brachiaria wa Basilisk musamupatse yekhayekha kwa nkhosa, mbuzi ndi mathole aang'ono, amatha kuwononga chiwindi, mudzaona nkhope ndi makutu zatupa, khungu likusupuka, chiweto chikuthawa dzuwa. Mukaona zimenezi chichotseni m'busamo, chiikeni pamthunzi, itanani alangizi a ziweto. Amene muli ndi abulu a ngolo musawadyetse buffel kapena udzu wina wotchedwa setaria yekhayekha nthawi yaitali, amafooketsa mafupa. Ndipo mapira ophukira kumene akadulidwa, kapena star grass wanthete amene wangothiridwa feteleza, atha kupha chiweto chanjala tsiku lomwelo, zipatseni kaye udzu wouma zisanalowe.

Chomaliza chimene chimapha msipu wambiri m'midzi si mbewu kapena mvula ayi, ndi ziweto za eni ndi moto. Tikangokolola, mwambo wathu ndi wakuti ziweto zimatayiriridwa, ndipo malo okhawo obiriwira m'mudzi monse adzakhala anuwo, mbuzi zonse zidzadziwa njira. Kauzeni amfumu musanadzale kuti apa ndi munda ngati wa chinangwa, auze anthu pamsonkhano, ndipo mpanda muuyambe chaka chomwecho, wa gilisidiya wodzala ndi timitengo todula umagwira msanga, pansi n'kutchinga ndi minga. Lambulani mozungulira mamita atatu mu Meyi kapena Juni anyamata osaka mbewa asanayambe kuyatsa tchire. Ngati ndalama ndi zochepa yambani ndi kota ya ekala imene mungathe kutchinga ndi kupalira, mu Epulo kapena Meyi ngayaye za Rhodes zikasanduka zofiirira ndipo njere zikuyoyoka mukagwedeza m'manja, dulani mituyo, unjikani pa lona pamthunzi masiku atatu kapena anayi, punthani pang'ono, yanikani ziume bwino, sungani m'thumba la pepala kapena la saka pamalo ozizira osati m'pulasitiki, imeneyo ndiyo mudzawonjezere nayo malo Disembala akubwerayo.